Pansi pa bodi ndi mabokosi a zipangizo: mmene ndinakonzera pick-up yanga yogwirira ntchito ya mijigo

Galimoto ya pick-up yogwirira ntchito kawirikawiri imayamba kutha kumbuyo injini ikadali ndi mphamvu zake zonse. Eni ake timasamala zosintha oyilo, timamvetsera kulira kwa injini m'mawa uliwonse, ndipo tikamva kaphokoso kachilendo timathamangira kwa makaniko, koma bodi imene imatibweretsera ndalama timaisiya ikukandika, ikunyowa ndiponso ikuchita dzimbiri mpaka phazi la munthu wokweza katundu litaboola pansi. Ine ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza mapampu a mijigo m'maboma a chigawo chapakati, ndipo ndimayendera Toyota Hilux ya single cab, yomwe bodi yake ndi yotalika pafupifupi mamita 2.3. Anzanga a ntchito zamanja, a mapaipi, a magetsi ndi omanga nyumba, amandifunsa kawirikawiri za mmene ndinakonzera kumbuyo kwake, choncho ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze zonse pamodzi, kuphatikizapo njira zimene ndinazikana ndi zifukwa zake.

Chitsulo cha pansi pa bodi ndi chopyapyala kwambiri, kukhuthala kwake sikutalikirana ndi milimita imodzi, ndipo chimalimba chifukwa cha mizere yotukuka imene anachipinda ku fakitale. Chimene chimachiteteza ku dzimbiri ndi utoto basi. Utotowo sungalimbane ndi mchenga, miyala ya kwale, njerwa kapena mutu wa pampu umene anyamata aukoka m'malo mounyamula, ndipo ukangokandika, madzi amapeza polowera. Kwathu kuno vutoli limakula chifukwa cha katundu amene timanyamula. Feteleza amakoka chinyontho ndipo amadya chitsulo mofulumira, moti timibulu tochepa totsalira m'ngodya mu Disembala timakhala titasiya chilonda pofika Epulo. Fumbi la simenti likanyowa limauma n'kutseka timabowo totulutsira madzi tomwe tili kutsogolo kwa bodi, ndipo galimoto ikaima moweramira kutsogolo, madzi a mvula amagona momwemo mpaka kucha.

Musanagule chilichonse choyala kapena chopaka, gonani kaye kunsi kwa galimoto ndi tochi m'manja. Ma pick-up ambiri atsopano a m'dera lathu lino amapangidwa ku South Africa, Hilux ku Durban, Isuzu ku Gqeberha ndi Ford Ranger ku Pretoria, ndipo ngati galimotoyo yakhala kumtunda moyo wake wonse, kunsi kwake kumakhala kwabwinoko. Koma galimoto imene inagwirapo ntchito ku Britain isanabwere kuno imafunika kuiyang'anitsitsa, chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umadya chasisi ndi zitsulo zopingasa zimene zanyamula bodi. Gogodani paliponse pamene mukukayikira ndi kansonga ka sikuludilaiva. Pamene palira mogontha kapena pagwa zimakoko za dzimbiri, pakufunika owotcherera adule n'kuika chigamba, chifukwa chilichonse chimene mungapake pamwamba pa chitsulo chowola chidzagwa nacho limodzi.

Njira imene ambiri amayamba kuiganizira ndi chipulasitiki chakuda chija choumbidwa molingana ndi bodi, chimene chimangolowetsedwa n'kumangidwa ndi timasikuluwu tingapo. Chimaoneka bwino tsiku loyamba, sichilemera, ndipo katundu akagwera pamenepo bodi siipindika. Ine ndinachikana chifukwa cha zimene zimachitika kunsi kwake, kumene maso saona. Pa msewu wa fumbi chipulasitikicho chimagwedezeka pang'onopang'ono ulendo wonse, mchenga umalowa m'mphepete, ndipo zinthu ziwirizi zimapala utoto mpaka chitsulo kuyera. Kenako mvula imabwera, madzi amalowa, ndipo popeza mphepo sifikako, kunsiko sikuuma. Pali vuto linanso loti pulasitiki imaterera, kotero kuti ndowa, jenereta ndi mabokosi zimayenda zokha nthawi iliyonse mukaponda buleki. Kwa munthu amene amayenda pa phula ndi katundu wouma, mwina chingamuthandize, koma osati kwa ife amene timakathera kuseri kwa Dowa ndi Ntchisi nthawi ya dzinja.

Owotcherera ambiri mukawafunsa amakuuzani kuti muike chitsulo chamadontho chija chimene ogulitsa amachitchula kuti chequer plate, ndipo amanena zoona kuti ndi cholimba. Vuto lake ndi kulemera. Chitsulo chimodzi cha mamita 2.44 m'litali ndi 1.22 m'lifupi, chokhuthala mamilimita 3, chimalemera makilogalamu pafupifupi 70, ndipo chimodzi sichikwanira pansi ponse pa single cab. Mukamaliza kuyala mumakhala mutasenzetsa galimoto kulemera kwa matumba pafupifupi awiri a simenti amene simudzawatsitsa, ndipo mudzawagulira dizilo pa ulendo uliwonse. Choipa kwambiri n'chakuti ambiri amachiwotcherera ku bodi, kutentha kwa moto n'kupsereza utoto wa kunsi, ndipo pakati pa chitsulo chatsopano ndi mizere ya bodi pamatsala mipata yosunga madzi imene simungaifikirenso. Chitsulo chikanyowa chimatereranso, madontho akewo akangofufutika.

Aluminiyamu ya muyeso womwewo imalemera makilogalamu pafupifupi 25, kotero pa nkhani ya kulemera ndi yabwino, ngakhale mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Koma ili ndi khalidwe lake: ikakhudzana ndi chitsulo wamba pali chinyontho, makamaka cha mchere kapena feteleza, imayamba kudyeka n'kutulutsa kaufa koyera mozungulira mabawuti. Wofuna kuigwiritsa ntchito aike labala kapena utoto wokhuthala pakati pa zitsulo ziwirizo. Za matabwa sindichulukitsa mawu. Thabwa la plywood la mamilimita 18 ndi lotsika mtengo, limagwira katundu kuti asaterere, ndipo likatha mumangosintha, koma limamwa madzi ndi oyilo, ndipo likasiyidwa pansi dzinja lonse limaoletsa bodi mofanana ndi pulasitiki ija.

Ndinasankha kuphatikiza zinthu ziwiri: utoto wokhuthala wonga labala wopopera pa bodi yonse, ndi mphasa ya labala yochotseka pamwamba pake. Kupoperaku ku South Africa amakutchula kuti rubberising, ndipo dzinali ndi limene ogwira ntchitoyi kuno amalidziwanso. Mankhwala ake ndi a polyurethane, amakhala awiri osakanizidwa nthawi yopopera, ndipo akauma amamatirira ku chitsulo popanda mpata uliwonse wolowera madzi. Makampani monga Rhino Linings ndi Line-X amagwiritsa ntchito makina apadera ndipo amatha kupopera utotowo mpaka ukhale ngati nsalu yokhuthala mamilimita angapo, pomwe mankhwala a m'mabotolo monga Raptor wa kampani ya U-POL munthu amatha kupopera ndi kompulesa wamba, ngakhale amatuluka opyapyalako. Ubwino waukulu wa njirayi ndi wakuti ngakhale mutapaka pansi ndi m'mbali monse, kulemera kwake sikufika pa theka la chitsulo chimodzi chamadontho chija.

Ntchito yonse ya kupoperaku yagona pa kukonza chitsulo, osati pa dzina la mankhwala. Ndinaimirira pomwepo pamene anyamata ankakonza bodi yanga, ndipo ndikulangiza aliyense kuti achite chimodzimodzi, chifukwa gawo limeneli ndi limene anthu amalidumpha akaona kuti mwini galimoto wachoka. Anayamba ndi kutsuka ndi sopo wochotsa mafuta, chifukwa pamene panatayikapo dizilo kapena girisi palibe chimamatira. Kenako anapala dzimbiri ndi bulashi ya waya yoika pa galayindala mpaka chitsulo kuwala, anapaka mankhwala opha dzimbiri m'timaenje timene bulashi sinafike, n'kupaka utoto woyamba wogwira chitsulo pamalo onse oyera. Utoto wa ku fakitale umene unali wabwino sanauchotse, koma anaupala ndi sandipepa yokhakhala mpaka kunyezimira konse kutatha. Poyesa, munthu amawalitsa tochi chopendekera: paliponse pamene pakunyezimirabe, makamaka m'mizere ndi m'ngodya mmene dzanja limachita ulesi, ndi pamene nsaluyo idzayambire kusendeka.

Asanapopere, ndinaonetsetsa kuti mabowo onse a mabawuti a mabokosi ndi a chimango chonyamulira mapaipi pamwamba pa bodi abooledwa kale, kuti m'mphepete mwa bowo lililonse mukutidwe. Mitu ya mabawuti amene amanga bodi ku chasisi anaiphimba ndi tepi, chifukwa tsiku lina makaniko adzafuna kutukula bodi kuti afike pa pampu ya mafuta, ndipo sayenera kuyamba ndi kusema labala. Timabowo totulutsira madzi anatitseka ndi timitengo, n'kutizula mankhwala asanaumiretu. Tsiku lopopera liyenera kukhala louma, chifukwa mankhwalawa amadana ndi chinyontho ndipo amatuluka timatuza akakumana nacho, choncho miyezi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala ndiyo yabwino. Nsaluyo imauma pamwamba m'maola ochepa, koma imafuna masiku angapo, pafupifupi sabata, isanasenze katundu wolemera, ndipo munthu amene ali ndi kontilakiti yomudikira ayenera kuwerengera nthawiyi.

Pali chinthu china chokhudza thanzi chimene sindingachidumphe. Mankhwala oumitsa utotowu ali ndi ma isocyanate, omwe amawononga mapapo ndipo amatha kuyambitsa mphumu yosachiritsika. Kansalu kokulunga kumphuno kapena kamasiki ka pepala sikathandiza chilichonse pamenepa. Wopopera amafunika chophimba kumaso chenicheni chopangidwira utoto wamtunduwu, magolovesi ndi malo opita mphepo, ndipo ngati galaja ilibe zimenezi, kuli bwino kupita kwina kusiyana ndi kulipira zotsika mtengo pa mapapo a mwana wa eni.

Nsalu yopoperayi imateteza ku madzi ndi kukandika, koma siletsa chitsulo kupindika mutu wa pampu ukagwetsedwa, ndipo fosholo yakuthwa imatha kuing'amba. Ndicho chifukwa cha mphasa ija. Ndinaidula kuchokera ku lamba wakale wa makina onyamula katundu m'mafakitale, wokhuthala pafupifupi sentimita imodzi, wokhala ndi ulusi m'kati mwake. Lamba wotere ndi wolimba zedi, koma ndi wolemera, ndipo woyala pansi ponse amafika pafupi ndi kulemera kwa thumba limodzi la simenti. Choncho ndinangoyala pamalo otsala pakati pa mabokosi, ndipo ndinamudula zidutswa ziwiri kuti munthu mmodzi athe kutulutsa chilichonse payekha. Mfundo ya kudulaku ndi yaikulu kuposa mmene ikuonekera, chifukwa mphasa imene imafuna anthu atatu kuti ituluke siituluka, ndipo pansi pake pamasanduka dambo. Podula, mpeni wakuthwa woviika m'madzi a sopo umayenda bwino mukaika thabwa kunsi kuti mzere wodulawo uzitseguka.

Labala imathandizanso kugwira katundu, ndipo apa pali masamu ofunika kuwadziwa. Malamulo a ku Ulaya omangira katundu pa galimoto amawerengera kuti pa buleki ya mwadzidzidzi katundu amakankha kutsogolo ndi mphamvu yofanana ndi magawo 8 mwa 10 a kulemera kwake, ndipo pokhota amakankha chammbali ndi pafupifupi theka la kulemerako. Izi zikutanthauza kuti jenereta ya makilogalamu 100 imafika pa khoma la kutsogolo kwa bodi ndi mphamvu ya makilogalamu 80, ndipo ngati inali ndi mpata wothamanga isanagunde, imamenya koposa pamenepo. Pa chitsulo kapena pa pulasitiki kukhuzana kwa pansi kumagwira gawo lochepa chabe la mphamvuyi, pomwe pa labala youma kumagwira loposa theka. Zotsalazo ndi ntchito ya malamba omangira, ndipo n'chifukwa chake ndinaika mphete zachitsulo pansi penipeni m'ngodya zonse, popeza zokowera za ku fakitale zili pamwamba ndipo lamba womangidwa pamenepo sapanikiza katundu wamfupi.

Pofika pa mabokosi, ndinayamba ndi kapepala kachitsulo kamene kali pa galimoto, kolembedwa kulemera konse kumene galimotoyo ikuloledwa kufika. Timati single cab imanyamula tani imodzi, koma m'tani imeneyo muli dalaivala, anthu amene wakwera nawo, zipangizo, ndi chilichonse chimene mwawonjezera. Anthu awiri, mabokosi, chimango cha pamwamba, mphasa ndi zipangizo zingathe kudya makilogalamu 350 kapena 400 musanakweze thumba ngakhale limodzi la simenti. Ambiri sawerengera zimenezi, ndipo zotsatira zake ndi masipuling'i othyoka, matayala otentha ndi mabuleki osagwira pa mitsetse ngati wa Golomoti. Ndinayala zipangizo zanga zonse pa lona, ndikuzigawa pakati pa zimene ndimagwiritsa ntchito pa mjigo uliwonse ndi zimene zimafunika mwa apo ndi apo. Za gulu lachiwirizo zimakhala kunyumba m'mabokosi apulasitiki, ndipo zimakwera tsiku limene zikufunika.

Mabokosi okhazikika ndi atatu. Lalikulu lili mopingasa kutsogolo kwa bodi, ndipo m'menemo mumakhala zolemera: tcheni chokwezera, zopanira mapaipi, nyundo, masipanala aakulu ndi jeke. Ndinaliika pamenepo chifukwa katundu wolemera ayenera kukhala patsogolo pa matayala a kumbuyo kapena pamwamba pake, osati kumchira, kumene amapepula matayala a kutsogolo n'kusokoneza chiwongolero. Awiri enawo ndi ang'ono ndi aatali, ali m'mbali pamwamba pa zotukuka za matayala, malo amene nthawi zonse amangowonongeka, ndipo amatseguka munthu ataima pansi kunja kwa galimoto. Onse anapangidwa ndi chitsulo cha mamilimita 1.6 chopindidwa m'mphepete kuti chilimbe. Owotcherera ankafuna kugwiritsa ntchito chokhuthala kuposa apo, koma bokosi limalimba ndi mapindidwe ake, ndipo kukhuthala kowonjezerako kukanangokhala katundu. Lililonse linakwezedwa pa timiyendo ta labala kuti madzi azidutsa kunsi, ndipo chivundikiro chake chili ndi mlomo wotsikira pansi wophimba polumikizira.

M'kati mwa mabokosi a m'mbali ndi mmene munafunika kuganiza kwambiri, chifukwa ntchito ya pampu ya Afridev ndi ya tizinthu ting'onoting'ono. Pampu imeneyi, yomwe chiyambi chake chinali kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 isanakamalizidwe ku Kenya, inapangidwa kuti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha ndi sipanala ya 24 ndi kachida kowedzera valavu ya pansi. Zimene zimatha kawirikawiri ndi timalabala ndi timapulasitiki: ma U-seal, ma bobbin, ma O-ring, ma bush bearing ndi timalabala togwira ndodo kuti zisakhule paipi. Tizinthu timeneti tikasakanikirana ndi masipanala timaphwanyika, ndipo tikakhudza oyilo kapena kukhala padzuwa timawonongeka tisanagwire ntchito. Ndinatiika m'timabokosi tapulasitiki totsekeka, kalikonse ndi mtundu wake, m'bokosi la kumanzere, mbali yotalikirana ndi magalimoto odutsa ndikaima m'mphepete mwa msewu. Pansi pa bokosi lililonse ndinayala zotsala za lamba uja, ndipo masipanala ali m'chikwama cha lona chokulunga, chifukwa zitsulo zikamagundana pa msewu wa mabampu zimadyana ndiponso zimaboola bokosi.

Mamangidwe a mabokosi ku bodi ndi pamene ngozi zambiri zimabisala. Sindinalole kuti chilichonse chiwotchereredwe ku galimoto, ndipo chasisi sichinakhudzidwe ndi moto kapena chobowolera. Bowo lililonse lisanabooledwe tinkayang'ana kunsi, chifukwa pansi pa bodi pali thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya a magetsi a kumbuyo. Mabawuti ndi a mamilimita 10, ndipo kunsi kwa lililonse kuli kachitsulo kafulati kokula ngati chikhatho cha mwana, chifukwa washala wamba amang'amba chitsulo chopyapyala n'kutuluka nacho galimoto ikagunda dzenje. Manati ndi aja okhala ndi kapulasitiki m'kati, amene samasuka ndi kugwedezeka. Pomata mozungulira mabowo, pewani silikoni ija yonunkha ngati vinega, chifukwa asidi wake amayambitsa dzimbiri pa chitsulo. Chomatira cha polyurethane, chonga chimene amamatira magalasi a galimoto, ndicho choyenera.

Katundu wanga wovuta kwambiri ndi wautali. Mapaipi a pulasitiki a Afridev ndi ndodo zake ndi otalika pafupifupi mamita 3, ndipo bodi ndi mamita 2.3, choncho sizingagone pansi chitseko chili chotseka. Pampuyi imakoka madzi mpaka pa mamita 45, kutanthauza kuti mjigo wakuya ungafune mapaipi 15 ndi ndodo 15, zimene pamodzi zimayandikira makilogalamu 90. Ndinapangitsa chimango cha mapaipi achitsulo a ngodya zinayi, chokhala ndi zopingasa zitatu, ziwiri pamwamba pa bodi ndi chimodzi chotulukira pamwamba pa denga la dalaivala popanda kulikhudza. Kusakhudzako n'kofunika, chifukwa bodi ndi mutu wa galimoto zimagwedezeka mosiyana, ndipo chimango chomangidwa ku zonse ziwiri chimang'amba china mwa izo. Zopingasazo ndinazikulunga ndi labala kuti zisadye mapaipi, ndipo ndodo zimalowa m'paipi ya mamilimita 110 yotsekeka mbali zonse, yomangidwa m'mbali mwa chimango, chifukwa ndodo yomasuka pa buleki ya mwadzidzidzi imauluka ngati mkondo. Pamwambapo sindikwezapo china cholemera, popeza kulemera kwa m'mwamba kumapendeketsa galimoto pokhota, ndipo chilichonse chotulukira kumbuyo chimamangidwa kansalu kofiira.

Mankhwala a klorini a HTH, amene timathira m'mjigo tikamaliza kukonza, ali ndi malo awoawo ndipo salowa m'bokosi lililonse la zitsulo. Mpweya wake wokha umachititsa dzimbiri masipanala ngakhale chitini chili chotseka, ndipo ufawo ukakumana ndi oyilo, girisi, dizilo kapena mafuta a mabuleki umatha kutentha mpaka kubuka moto. Ndimauika m'chidebe chapulasitiki chotsekeka bwino, chomangidwa m'ngodya ya kumbuyo kumene kukupita mphepo, ndipo zigubu za mafuta ndi guluu wa mapaipi, amenenso amayaka msanga, zimakhala ku ngodya ina.

Fumbi ndi kutentha ndi adani ena awiri. Galimoto ikamathamanga, kumbuyo kwake mphepo imazungulira n'kukokera fumbi m'bodi kudzera m'mipata ya chitseko, kotero bokosi lopanda labala m'mphepete mwa chivundikiro limadzaza dothi pa ulendo umodzi wa mu Seputembala. Labala ya zitseko za galimoto zakutha imagwira bwino ntchito imeneyi ndipo imapezeka mosavuta kwa ogulitsa zida zakale. Mabokosi ndinawapaka utoto woyera ngakhale wakuda umaoneka bwino, chifukwa bokosi lakuda likakhala padzuwa la Okutobala ku Salima kapena ku Nkhotakota limatentha moti dzanja silingakhudze. Mabatire a zobowolera ndi zodulira zopanda chingwe amawonongeka ndi kutentha kotere, choncho amakhala kutsogolo kuseri kwa mpando.

Pa nkhani ya akuba, palibe bokosi limene silingathyoledwe, ndipo cholinga ndi kungochedwetsa wakubayo ndi kumuchititsa phokoso. Maloko anga ali m'kati mwa tizikopa tachitsulo towotchereredwa ku bokosi, kuti chodulira chisafike pa khosi la loko. Mahinjesi ali m'kati, ndipo mabawuti omangira anaikidwa mwakuti munthu sangawamasule popanda kutsegula bokosi. Zipangizo zonse ndinazidinda chizindikiro changa n'kuzipaka kadontho ka utoto wofiira, zomwe zimathandizanso pa mjigo pamene anthu a komiti abweretsa masipanala awo n'kusakanikirana ndi anga. Usiku zida zamagetsi zimalowa m'nyumba.

Ena amandifunsa chifukwa chake sindinaike kanopi ndi madilowa aatali otsetsereka aja amene amaoneka pa magalimoto a alendo okaona nyama. Ndi zokongola, ndipo kwa munthu wa magetsi amene katundu wake ndi wopepuka ndi wodana ndi mvula, kanopi ndi yothandiza. Kwa ine zikanalanda pick-up ntchito yake. Kanopi imalemera makilogalamu oposa 50 ndipo imaletsa kukweza thanki ya madzi kapena mchenga, pomwe madilowa amakweza pansi pa bodi ndi masentimita 25 kapena kuposerapo, kotero makoma a m'mbali amafupika ndipo katundu aliyense amakhala m'mwamba. Timayendo ta madilowa timadanso mchenga. Ndi mabokosi a m'mbali, pakati pa bodi panatsala malo aatali otakasuka pafupifupi mita imodzi, okwanira wilibala, matumba a simenti ndi mutu wa pampu.

Zonse zitamangidwa, ndinapita ndi galimoto pa sikelo ya magalimoto ili ndi zipangizo zake zonse ndi thanki yodzaza, ndipo nambala imene inatsala pochotsera pa kulemera kololedwa ndinailemba m'kati mwa chivundikiro cha bokosi lalikulu, kuti anyamata akamakweza simenti aziwerenga okha matumba. Matayala ndi aja a chilembo C, opangidwira katundu, ndipo mpweya wake ndimautsatira pa kapepala ka pa khomo la dalaivala, kamene kamasiyanitsa galimoto yopanda katundu ndi yodzaza. Ndinaonetsetsanso kuti chimango ndi mabokosi sizikubisa magetsi a kumbuyo, nambala ya galimoto kapena zonyezimira, popeza izi ndi zina mwa zimene amayang'ana poyeza galimoto kuti ilandire COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndiponso apolisi a pamsewu saziphonya. A inshulansi ndinawadziwitsa za zimene ndawonjezera kuti zilembedwe.

Chisamaliro chake ndi chochepa. Nthawi ya mvula mphasa imatuluka kumapeto kwa sabata iliyonse, bodi imatsukidwa ndi madzi ambiri, timabowo totulutsira madzi timatokosedwa ndi waya, ndipo zonse zimauma padzuwa zisanabwerere. Tsiku limene ndanyamula feteleza kapena simenti, kutsukako kumachitika madzulo omwewo. Mabawuti a chimango ndimawayesa ndi sipanala nthawi iliyonse yosintha oyilo, ndipo ndimayang'ana polumikizira ngati payamba ming'alu, imene imaoneka ngati kamzere kofiira ka dzimbiri pa utoto. Malo amene nsalu yopopera ija ikutha msanga ndi pamphepete pa chitseko cha kumbuyo, pamene chilichonse chokwera ndi chotsika chimakhuzapo, ndipo pamenepo ndikuikapo kachitsulo kopindika ka aluminiyamu, kokhala ndi labala kunsi kwake, mvula ya chaka chino isanayambe.